Kabokosi ka Machesi Kopita ku Likoma

Amayi, mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Chibavi tilipo, kungoti chaka chino Mzuzu wazizira mopanda ulemu. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinachita bwino, koma nyemba zinaola ndi mvula.

Nkhani yaikulu ndi yakuti mdzukulu wanu Tamara anabereka mwana wamkazi. Tamutcha Agnesi, dzina lanu, ndipo mkamwa wakutengerani. Akayamba kulira, aneba amatseka mawindo.

Mchombo wake utagwa panali kamkangano. Apongozi ake a Tamara anati tingokwirira kuseri kwa nyumba, basi zithe. Ine ndinati yewo chomene, koma ayi. Ndinakumbukira mawu anu aja: "Mchombo sakwirira pa lendi. Mwana adzasochera, osadziwa kwawo." Wanga, wa abale anga atatu, wa adzukulu anu atatu, yonse munakwirira nokha pansi pa mango wa pakhomo pathu ku Likoma, uliwonse ndi mwala wake pamwamba. Nanga wa Agnesi yekha utsale m'matope a ku Chibavi? Ndinaukulunga m'kansalu, n'kuika m'kabokosi ka machesi, ulendo ku Nkhata Bay kukakwera sitima.

Sitimayo ndili nayobe chifukwa. Mukudziwa nokha kuti munatisiya kuno ku Mzuzu itangonyamuka, ulendo wina unali sabata yotsatira, ndiye tinakuikani kumanda a ku Zolozolo, inu amene munkati mudzagona pafupi ndi tchalitchi chachikulu chija munaimbamo kwaya kuyambira muli mtsikana. Zimandiwawabe, Amayi. Sindinakuuzenipo, lero ndanena.

Likoma yasintha ndithu. Tchalitchi chili chomwecho, milambe ili yomweyo, koma masiku ano alendo ali mbwee, ena a ku Lilongwe, ena azungu, onse kujambula khoma lililonse lakale. Amalume a Barnaba, mlongo wanu, anandichingamira padoko n'kumayang'ana kumbali. Titafika kwawo m'pamene anaulula kuti malo athu aja anabwereketsa kwa eni loji. Akuti mawondo akukana kupalasa bwato, ndipo nyumba inali kugwa yokha. Ndinawakalipira. Kukalamba si mlandu, koma akanatiuza.

M'mawa mwake ndinapita. Pali mpanda wa bango ndi geti. Mlonda wake ndi Yohane, uja ankaimba besi kumbuyo kwanu. Ndinamuonetsa kabokosi, iye anavula chipewa. Anati kukumba sangandiloleze, ntchito ingamuthere, koma kasitomala saletsedwa kukhala pamene wafuna. Ndiye ine, mwana wobadwira pakhomo pomwepo, ndinalowa ngati mlendo n'kuitanitsa tiyi. Kaya mukuseka kumeneko, sekani.

Nyumba kulibe, pamalo pake pali bala ya udzu. Koma mango alipo, Amayi! Pansi pake ayalapo mipando yogonera, ndipo mayi wina wachizungu anali gada, buku kumaso, atavala tinsalu timene inu mukanamuponyera chitenje. Ndinakoka mpando n'kukhala cha kutsinde. Miyala yanu sanachotse. Aipaka laimu, akuyesa ndi zokongoletsa. Ndinawerenga kawiri, isanu ndi iwiri yonse ilipo. Wanga ndinauzindikira, wobenthuka pakona uja.

Ndinayala chitenje pamiyendo mpaka pansi, n'kuyamba kukumba ndi supuni ya tiyi. Nthaka yake youma gwa, supuni inapindika. Mtsikana woperekera zakudya anabwera kudzafunsa ngati ndataya kanthu. Ndinamuuza zoona, kuti ndikukwirira mchombo wa mdzukulu wanga kwawo. Anayang'ana miyala, anayang'ana ine, kenako anaima pakati pa ine ndi bala n'kumapukuta tebulo loyera kale mpaka nditamaliza. Ndi mwana wa pachilumba pomwepo, sanafunikire kumufotokozera. Pemphero lanu lija sindinalikumbuke lonse, ndinangoti mwanayu adziwe kwawo. Mwala wachisanu ndi chitatu ananditolera ndi Yohane, ndipo akuti aupaka laimu kuti usaoneke wachilendo.

Supuni ndinaiwongola ndi mano ndisanabweze.

Munkati wopita kwawo sabwerako chimanjamanja. Amalume anandipatsa usipa wouma, wopepesera, ndipo ndinalandira. Koma kabokosi kaja sikanabwere kopanda kanthu. Dothi limene ndinakumba pansi pa mango ndinadzazamo, lili pawindo pano pamene ndikulemba. Tinalephera kukupititsani ku Likoma, ndiye ndakutengerani kochepa kamene ndinatha kunyamula.

Loweruka likubwerali ndibwera ku Zolozolo ndi Tamara ndi khandalo, mudzalimve kulira nokha. Dothilo ndidzathira kumutu kwanu, ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Monika