Pepala la Mofini wa Abambo

Lolemba, 5 Ogasiti 2019

Abambo tabwera nawo kunyumba. Khansa ya pammero, adokotala akuti palibenso chochita koma kuchepetsa ululu. Anesi a ku Nambuma, mayi Bester, andisiyira botolo la mofini, sirinji yopanda singano ndi pepala. Maola anayi aliwonse kuwamwetsa, kenako kuchonga. Zagwera ine chifukwa wa Folomu 4 m'banja muno ndine. Satifiketi yapeza ntchito tsopano.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Mankhwala akugwira, kubuula kwatha. Koma amayi a Chigwirizano anabwera, anaimba nyimbo zitatu, abambo ali mkonono. Azakhali a Lidiya potuluka, mokweza kuti ndimve: "Mankhwala omalizitsa amenewa. Zelifa watopa nako kuchapa, eti?"

Lachinayi, 8 Ogasiti

Mlingo wa masana sindinawamwetse. Ndinachonga.

Loweruka, 10 Ogasiti

Lero ndadumpha katatu, ndachonga konse. Abambo ali maso, alendo akukondwa. A Gideoni, mkulu wa mpingo, akuti lero akuoneka amphamvu. Mphamvu zake ndi zoluma ngodya ya bulangete alendo akatuluka. Azakhali anandipatsa mbatata yootcha, akuti ndine mwana womva. Ndinadya.

Abambo anaphunzitsa masamu zaka makumi atatu. Masana anayang'ana botolo pawindo, kenako ine.

Lolemba, 12 Ogasiti

Anesi anabwera pa njinga yamoto. Anafunsa abambo kuti asonyeze ululu ndi zala. Abambo anakweza dzanja lonse. Anesi anawerenga pepala langa.

"Mwasunga bwino, achemwali. Ndiye kuti mlingo wachepa. Tiwonjezere."

Kuwonjezera pa mlingo umene thupi lawo silikuudziwa n'komwe. Ndipo mawa ine ndili kuchigayo, wowamwetsa ndi achimwene a Lyson, amene sadumpha kanthu kolembedwa. Akanatha kuwagoneka osadzukanso, ndi bodza langa.

Ndinayang'ana abambo. Anali atatembenukira kukhoma. Kundisungira ulemu.

"Anesi, pepalalo ndi labodza," ndinatero. "Kuyambira Lachinayi ndimachonga osawamwetsa."

Pakhonde azakhali anasiya kutong'ola chimanga.

Mayi Bester sanakalipe. Bola akanakalipa. Anafufuta zimene analemba, n'kusendeza mpando pafupi ndi mphasa. Sanafunse ine, sanafunse azakhali.

"Aphunzitsi, thupi ndi lanu. Kodi mukufuna chiyani inuyo?"

Sabata yathunthu m'nyumba muno, palibe amene anawafunsapo.

"Alendo ndawaona okwanira," anatero abambo, mawu osasa. "Alongo, mwamva pakhondepo? Zelifa, bwera nalo botolo."

Ndinapima kawiri. Anameza movutikira, n'kupempha pepala ndi cholembera.

Anachonga okha.