Andiletsa Kuthira Mchere

Mpanshya,
9 Okutobala 1996

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Kabwe kumeneko. Kuno tilipo, koma dzuwa lanyanya.

Mdzukulu wanu Rachael, wa giredi 2 uja, watisokoneza mitu. Mkodzo ukamugwira sudikira. Amatuluka m'kalasi kasanu belu lisanalire, ndipo nthawi zina amafika kuchimbudzi diresi itanyowa kale. Ndinayamba kumumana madzi kuti mwina aleka, koma zinangoipiraipira.

Kuchipatala anapima mkodzo, sanapezemo matenda. Asisitere akuti chikhodzodzo chake chimafinya chisanadzaze, ndipo ana ambiri amachira. Akuti azimwa madzi okwanira, asiye tiyi, ndipo azipita kuchimbudzi maola awiri alionse ngakhale asakumva kanthu. Azakhali, mwana wokodza pafupipafupi ndimuwonjezerenso madzi? Wotchi tilibe, ndiye ndimangoyang'ana mthunzi wa mtengo wa mango. Sabata ino wanyowetsa kawiri kokha, koma sindikudziwa kuti chathandiza n'chiti.

Ndikutero chifukwa apongozi nawonso ali ndi zawo. Akuti mwana sadwala chotere popanda wamkulu amene walakwa panyumba, ndipo andiletsa kuthira mchere m'ndiwo. Amathira okha, maso ali pa ine. Ine ulendo wanga ndi wa kumunda ndi kutchalitchi basi.

Ba Yoram, atate ake a mwanayu, sanabwere kuno chichokereni pa Isitala. Poti inu mumakhala nawo pafupi, ndiuzeniko: zovala zawo akuchapabe okha?

Ndine mwana wanu,
Mailesi