Choko pa Tayala la Galimoto ya Bambo

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti chimfine chinazungulira nyumba yonse sabata yatha, n'kusiya Bambo okha. Musadabwe kuti ndalemba papepala m'malo moimba. Foni yangayi ikavuta amaikonza ndi mwana wanga wamkulu, mtsikana uja, ndipo masiku ano sindikudziwa kuti zomwe ndimalemba mmenemo zimathera m'maso mwa ndani. Kalatayi ndikuilembera kuntchito, m'chipinda chathu chojambulira mafupa, odwala atachepa.

Nkhani ndi ya galimoto ya Bambo. Mukukumbuka kuti dokotala wa maso anawapeza ndi ng'ala m'maso onse awiri, n'kuwaletsa kugwira chiwongolero mpaka atachitidwa opaleshoni. Opaleshoniyo akuikanabe. Akuti dokotalayo ndinaphunzira naye ku koleji, ndiye tinapangana kuseri kuti tiwalande galimoto. Kuphunzira limodzi n'zoona, koma ng'alayo sindinaiike ndine. Makiyi ndinawatenga n'kudzawatsekera m'kabati yanga kuno kuntchito. Anakwiya, ndipo mkwiyowo ndinkauyembekezera. Chomwe chinandidetsa nkhawa n'chakuti unatha msanga.

Mwezi wathawu anayamba kuimba mluzu posamba. Mdzukulu wawo, mwana wanga yemweyo, yemwe kale sankatha kukhala nawo pakhonde osakangana za thalauza lake long'ambika m'mawondo ndi timawaya ta m'makutu, tsopano ndiye wowapangira tiyi. Ampatsa ndi dzina, akuti Kondakitala. Ine ndikalowa pabalaza nkhani imaduka, wina amayamba kufunsa ngati kunja kukuzizira. Ndinafunsa mlamu wanu, iye anati, "Anthu akamakangana mumadandaula, akagwirizana mukudandaulanso. Kodi mumafuna chiyani, bambo a ana?"

Tsiku lina mvula itawaza masana, ndinapeza pansi pa galimotoyo pali ponyowa ngati pabwalo ponse. Galimoto yomwe yangoima pamalo amodzi imasiya pouma pansi pake. Ndinasuzumira pazenera, mpando wa dalaivala unali utakankhidwira kutsogolo, pomwe Bambo ndi miyendo yawo yaitali ija sangakwanepo. M'mawa mwake ndinatenga choko n'kulemba kamzere pa tayala lakumbuyo, kutsikira mpaka pasimenti. Pobwera madzulo kamzereko kanalipo ndithu, kowongoka bwino kuposa kanga, koma pa tayala lakutsogolo. Ndinaima pamenepo chikwama chili m'manja. Bambo ali pakhonde anafunsa, "Adokotala, matayala nawonso mwayamba kuwajambula?" Mukudziwa kuti amanditcha Adokotala akafuna kundibaya, poti udokotalawo sindinaufikire.

Lachinayi ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito mpaka masana. Ndinatuluka m'nyumba ngati masiku onse, n'kukakhala kwa wometa wa pangodya uja, pomwe geti lathu limaonekera pagalasi lake. Wometayo anandizunguliza nsalu m'khosi, n'kunena kuti, "Lero mwabwera kudzaonera nawo?" Ndiye kuti msewu wonse ukudziwa, Achemwali. Wosadziwa ndinali ine ndekha, mwini geti.

Mlamu wanu atangopita kumsika, geti linatseguka. Galimoto inatuluka chobwerera m'mbuyo, Bambo ali pachiwongolero, mtsikanayo ali pambali pawo mutu uli kunja kwa zenera. Anadutsa pafupi ndi ine ndipo ndinamva ndi makutu angawa: "Njinga kumanzere, Agogo. Pang'onopang'ono. Dzenje lija likubwera. Mayi wobereka mwana akuwoloka, imani! Eya, tiyeni." Iwo manja ndi miyendo, iye maso. Ndinathamanga nsalu ya wometa ikadali m'khosi, ndinaimitsa njinga yamoto n'kuwatsatira.

Njira yomwe amadutsa ndi ya kusukulu ya pulayimale. Ine ntchito yanga mukuidziwa. Mwana wogundidwa ndi galimoto amayamba wafika pa tebulo langa asanapite kwina kulikonse, ndipo ndine ndimamuwongola kamwendo kuti chithunzi chituluke bwino, mayi ake akulira pakhomo. Pamene galimoto ya Bambo inkadutsa pa geti la sukulu lija, ana akugula zinthu m'mbali mwa msewu, ine ndinkangoyang'ana timiyendo tawo.

Anakaima pa bwalo la kuseri kwa fakitale yotsekedwa ija. Kumeneko anasinthana mipando, mtsikanayo n'kuyamba kuzungulira migolo yomwe anaindandalika. Ndisaname, amayendetsa mosamala. Ataima ndinapita kuzenera la Bambo. Anatembenuka, anandiyang'ana kumaso kwenikweni, n'kunena mwaulemu kuti, "Sitikugula kanthu lero, achimwene."

Osandizindikira ine mwana wawo, Achemwali, dzuwa lili pamutu.

"Ndine, Bambo," ndinatero.

Bambo anatembenukira kwa mdzukulu wawo. Kenaka anati, "Kondakitala, bwanji sunanene kuti kutsogolo kuli apolisi?"

Mtsikanayo sanaseke. Anazimitsa injini n'kunena kuti, "Adadi, ndinakupemphani sukulu yoyendetsa galimoto, munati ndidikire zotsatira za mayeso. Zotsatira zinabwera, munati ndidikire ndikule. Ndikula liti?"

Ndinamuuza kuti nkhani si imeneyo, nkhani ndi ana a pa geti la sukulu. Bambo anandidula. Anati galimotoyo anaigula ine ndisanamere ndevu, ndipo sinagundepo ngakhale nkhuku. Anati ine chiwongolero ndinachikana ndili mnyamata, ndiye m'banja muno akachoka iwo palibe wodziwa kuimvera galimotoyo. "Ndimuphunzitse uyu amalize, akatenge chiphaso chake, kenaka mukanding'ambe masowo mmene mukufunira. Ndikatuluka ndili wakhungu, galimoto idzakhala ndi mwini."

Mwina inu mawu amenewa akukhudzani. Inenso anandikhudza, mpaka nditafunsa kuti maphunzirowo atha liti. Anati mwana sanadziwebe kubwerera m'mbuyo, sanadziwe kuima pachitunda, sanadziwe kuyenda m'matope, ndipo matope enieni amabwera ndi dzinja. Mwaona? Maphunziro amenewa sadzatha. Akutha ndi masowo. Galimoto tinaibweza kunyumba ndi makaniko wa kumsika.

Tsopano ndifike pomwe pandivuta kulemba. Makiyi anga ali m'kabati muno, ndawayang'ananso pompano. Ndinafunsa Bambo kuti enawo anawatenga kuti, anati galimoto imadziwa mwini wake. Ndinafunsa mwana, anayang'ana pansi. Ndinafunsa mlamu wanu, anati, "Kafunseni kwanu, ine ndine wobwera." Ndakhala ndikuganiza. Makiyi apadera ankakhala m'kachikwama kakuda ka Mayi, ndipo kachikwamako munapita nako ndinu maliro awo atatha. Komanso phukusi lija munatumiza mu Epulo munalembapo dzina la mwana, osati langa, ndipo iye anakalitsegulira kuchipinda kwa agogo ake. Sindikukunenani. Ndikungoika zinthu pamzere monga ndazionera, ndipo ngati ndalakwa mundikhululukire. Koma ngati munatero powamvera chisoni, dziwani kuti inu mumawamva mawu okha pafoni, ndipo mawu awo akadali amphamvu. Maso awo simunawaone.

Batire ndinalichotsa, lili m'chipinda chathu. Makaniko uja akuifuna galimotoyo ndipo abwera Loweruka kudzamva yankho. Mapepala ali m'dzina la Bambo, sangagulitsidwe kanthu iwo osasaina, ndipo munthu yemwe amamumvera padziko pano ndinu nokha. Pempho langa ndi limeneli: muwauze asaine, kapena muwauze apite ku opaleshoni mwezi uno. Chimodzi mwa ziwirizi. Akasankha opaleshoni, makanikoyo ndimubweza ndekha pageti, ndipo mwanayo ndikamulembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto, yokhala ndi mphunzitsi woona. Izi sindinawauze, chifukwa zikachokera pakamwa panga aziyesa msampha.

Chichotsereni batirelo, m'mawa uliwonse amavala jekete, amakalowa m'galimotomo n'kukhala, chitseko chili chotsegula, manja ali pachiwongolero. Wailesi siilira. Ine ndimadutsa pambali popita kuntchito, ndimapereka moni, amayankha ndi mdzukulu wawo.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mankhwala a msana aja asamamwe m'mimba muli mopanda kanthu. Moni kwa ana onse. Mlamu wanu akupereka moni. Kondakitala akuti azakhali ake asadandaule, sindikudziwa kuti musadandaule za chiyani. Ndisananyamuke lero ndinaima pa chitseko cha galimoto n'kufunsa Bambo ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Sanatembenuke. Anauza mtsikanayo kuti, "Uwauze Adokotala kuti mwana wanga ndayankhula naye kale m'mawa uno."

Ndiye moni wawo mwaulandira kale. Landiraninso wanga, ngakhale ufike mochedwa. Nambala yanga sinasinthe.

Ndine mlongo wanu,
wa kuchipatala