Mfuti ya Mapaipi

Birmingham,
Novembala 1942

Wokondedwa mlongo wanga Cyril,

Moni kunkhondoko. Uli bwanji? Chifuwa chija chinasiya? Kuno tilipo, kungoti thupi latopa mpaka m'mafupa. Mkazi wako Doreen ali bwino, ndipo kamwana kako kayamba kukwawa. Masokosi ndinatumiza aja ngati sanafike, dziwa kuti wina akufunda nawo mapazi.

Nkhani ndi ya bambo. M'kalata yako unalemba monyada kuti akupatsa mfuti yatsopano, yopepuka ija. Ndi yomweyo imene tikupanga kufakitale kwathu, ndipo ine ndili pa benchi yowotcherera. Ukanadziwa, sukanalemba.

Chichokere iwe zinthu zinasintha. Boma likufuna mfuti zambiri komanso zotchipa, akuti pa mtengo wa imodzi yakale ija zizituluka zingapo. Ndiye yatsopanoyi ndi paipi, lata ndi sipuling'i basi. Zidutswa zimabwera m'masaka, zina kuchokera kwa opanga njinga, zina kwa opanga zidole za ana. Chikakana kulowa, timachimenya ndi hamala. Atsikanafe timaseka kuti nkhondo ikadzatha tidzazilumikiza zizibweretsa madzi kubafa.

Bambo ukuwadziwa. Moyo wawo wonse wopanga mfuti, chitsulo amayamba achifukiza pa kandulo, n'kuchilowetsa m'malo mwake, n'kuona pamene mwaye wachoka, n'kupala pamenepo ndi tupa mpaka chikhale ngati chinabadwira momwemo. Ku mfuti zatsopanozi anapitanso ndi kandulo wawo. Mtsikana wa pambali pawo akamadzaza bokosi, iwo n'kuti akadali pa yachiwiri.

A Bagnall, kapitawo wathu, anayamba mwanthabwala. Anauza bambo kuti inu a Enoch, kuno si kutchalitchi, tazimitsani kanduloyo. Bambo anayankha kuti chimfuti chimenechi iwo sangatsekere ngakhale khola la nkhunda. A Bagnall anati chabwino, apange yokongola imodziyo, koma asankhenso okha kuti ana a yani apite kunkhondo chimanjamanja. Bambo anavala chipewa, ndipo kufakitale sanapondekonso. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinaona kuti a Bagnall akunena zoona.

Ndiye kunabwera kalata yako. Nditamaliza kuwawerengera, anandiyang'ana manja, osati kumaso. Anati mfutiyo ikadzakana kulira mdani ali patsogolo pako, iwo akumudziwa amene anawotcherera.

Kuyambira tsiku limenelo sadya chilichonse chogula ine. Akuti buledi wanga akununkha lata. Doreen akabwera ndi tiyi ndi kambatata ndiye amalawako, koma makuponi ake ogulira chakudya sangadyetse nyumba ziwiri. Bambo awonda, lamba anaboola kale mabowo atsopano. Tsiku lonse amangokhala ku nkhunda zawo, ndipo amalankhula nazo kuposa mmene amalankhulira ndi ine.

Ndatopa, Cyril. Ndimaima kuyambira m'mawa, maso akuyabwa ngati mwalowa mchenga. Mfuti iliyonse ikafika m'manja mwanga ndimaganiza kuti ikupita kwa mlongo wa munthu wina. Ndikachedwa nayo kuti ndiionetsetse, a Bagnall ali kumbuyo kwanga kutsokomola. Ndikaithamangitsa, mawu a bambo amalira m'makutu. Ndawakwiyira, koma ndikuopanso kuti chisanu chino sachimaliza.

Ndiye ndikupempha. Uwalembere bambo kalata yawoyawo, dzina lawo pa envulopu. Uwauze kuti mfuti yako ndi yonyansa ndithu, zimenezo ziwasangalatsa, koma ikulira bwino ndipo sinakukanepo. Kaya ndi zoona kaya ayi, iwe lemba choncho kuti munthu wamkuluyu adye.

Kenako ine undilembere padera, kudzera kwa Doreen. Ine usandinamize. Ngati imakana, undiuze pamene imakanira penipeni, chifukwa mawa ndi mkuja ndidzakhala ndili pa benchi ija.

Upereke moni kwa msuweni wathu Stan ngati mukadali limodzi. Ambuye akusunge, akubweze kwathu ndi miyendo yako yomwe.

Ndine mlongo wako,
Maud