Kumene Madzi Anamutengera Stafford

Lachitatu, 26 Seputembala 2018
Foni ya a Yakobe m'mawa, ndili pa asembule. Stafford sakuoneka. Mlongo wanga, mwamuna yekhayo m'banja mwathu. Awiriwa ndi madalaivala a mathiraki, akudikira katundu ku doko la Beira. Dzulo kunali holide ku Mozambiki, maofesi otseka, ndiye anapita kunyanja kukapitidwa mphepo. Anapeza madzi ataphwa, mchenga wokhawokha mpaka kutali. Stafford anavula nsapato, akuti akufuna akaone pomwe madziwo athawira. A Yakobe anatsala pamthunzi ndi nsapatozo. Podzutsa maso, ponse panali mchenga pali madzi.

Ndamaliza asembule. Ndaphunzitsa mapiriyodi anga onse. Kenako kukawauza alamu a Malita, akazi a Stafford. Anali akuchapa. Sanasiye.

Lachinayi, 27 Seputembala
Mwezi wathunthu sabata ino. Tanthauzo lake ndikulidziwa, ndi zomwe ndimaphunzitsa mu jogalafe wa Fomu 3. Mwezi ndi dzuwa zikakokera pamodzi, nyanja imaphwa kwambiri, imadzazanso kwambiri. Ndipo pagombe losaya ngati la Beira madzi sabwera kutsogolo kokha. Amayamba adzaza makwawa a mumchenga, kumbuyo kwa munthu. Iye maso ali kunyanja, njira yobwerera yatsekeka kale.

Kusambira kwa Stafford n'kwa mumtsinje wa Mwanza. Madzi a m'chiuno.

Kutentha. Magetsi kulibe kuyambira m'mawa.

Loweruka, 29 Seputembala
Amayi afika kuchokera kwa Kanduku pa kabaza, ndi nkhuku. Sindikudziwa kuti nkhukuyo ndi yachiyani.

A Yakobe aimba: apeza asodzi a boti. Akufunsa: ayambe kumpoto kapena kumwera? A Malita anandipatsira foniyo. "Alamu, inu ndi amene mumaphunzitsa za nyanja, auzeni akamufune kuti."

Pamapu a m'buku pali muvi umodzi waukulu, woloza kumwera. Koma umenewo ndi wa madzi akuya, kutali ndi mtunda. Kufupi ndi gombe madzi amamvera mphepo, amamvera kudzaza ndi kuphwa, komanso mtsinje wa Pungwe ukukankha matope ake pomwepo. Muvi wa pamenepo palibe anaujambula m'buku langa. Ndawauza kuti sindikudziwa. Amayi anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kutuluka panja.

Mwini thiraki waimba madzulo. Pepani pepani, kenako makiyi. Anali munsapato za Stafford zija.

Lachiwiri, 2 Okutobala
Ahedi akuti ndipume sabata. Ndakana. Kunyumba anthu ndi ambiri.

Nditaweruka, kuseri kwa nyumba. Beseni lochapira, mchenga mbali imodzi, madzi, kachitsekerero ka botolo. Ndimachita izi ndi ana chaka chilichonse. Kupendeketsa beseni, madzi achoke. Kubweza, madzi akwere. Kuuzira mpweya chammbali. Kachitsekerero kamapita, kamabwera, koma sikagwa pomwe kanachokera. Ulendo uliwonse kasendera pambali pang'ono.

Sindinawamve a Malita akubwera. Anakhala pa njerwa, kuonerera mpaka madzi anada bii. "Ndiye kuti nyanja imabweza?" Ndati nthawi zina. "Nthawi zinazo n'ziti?" Ndataya madziwo pa mapapaya.

Lachisanu, 5 Okutobala
Amalume akufuna tikhale maliro. Akuti anthu atopa ndi kubwera osadziwa choti anene pakhomo. Zoona. A mvano anabwera dzulo, anayamba nyimbo ya maliro, amayi anawaletsa pa ndime yachiwiri. Anasintha, kuimba ya chiyembekezo. Mawu ali pansipansi.

Asodzi asiya kufufuza. Ali ndi ntchito zawo. A Yakobe apakira feteleza, bwana akuti anyamuke. Akana. Akuti sangawoloke chipata cha Mwanza ndi nsapato zokha.

Mathiraki pamsewu tsiku lonse, mzere mpaka kumsika. Ndadzipeza ndikuwerenga manambala ake. Thiraki ya Stafford yadutsa masana, dalaivala wina, mkono uli pawindo.

Nkhuku ya amayi ikadali yomanga pa mpanda.

Lolemba, 8 Okutobala
Mwezi wapita kumdima. Madzi aakulu abwereranso, monga m'buku.

A Yakobe aimba ndili m'kalasi. Ndatuluka ndi choko m'manja. Amayi ena okatola nkhanu apeza munthu m'mitengo ya m'matope, kumpoto kwa tauni. Madzi a m'bandakucha anamukankhira mkati, pophwa anamusiya m'mizu. Wamwamuna. Buluku ya jinzi. A Yakobe anakamuona kumochale, akuti sangalumbire. Apolisi a kumeneko akufuna wachibale.

Kumpoto. Ndalemba pabolodi ntchito, ana achite okha.

Pasipoti m'banja muno ndi yanga yokha. Ya Stafford ili ndi a Yakobe.

Lachiwiri, 9 Okutobala
Pachipata cha Mwanza, m'thiraki ya mnzawo wa a Yakobe, tikudikira chidindo. Zobue, Tete, mawa Beira. Osintha ndalama akugogoda pawindo. Dalaivala wangotsitsa wailesi.

Amayi sanandiperekeze. A Malita anabwera mpaka pamsewu, ndi jumbo. Suti ya Stafford yaukwati, malaya oyera ositidwa, tayi. Ndati tisathamange, mwina si iye. Anangondikanikizira jumboyo pachifuwa.

"Nkhope musaidalire, alamu. Mukamuone chala chaching'ono cha dzanja lamanzere, chija chinapsinjika ndi jeki. Ngati chili chowongoka, suti mubwere nayo. Koma munthuyo musamusiye wamaliseche, malayawo mukamuveke."

Aitana nambala yathu. Injini yalira.