Buku Langa Lakulungira Vitumbuwa

Amake Fridah,

Alongo anu ba Levy anandilakwira Lachiwiri, pamene anatenga buku langa lija la msodzi ndi chinjoka ndisanalimalize. M'malo mwake anandiikira filimu yake mufoni, ati ndi chimodzimodzi, masiku ano anthu sawerenga. Ndaionera, koma mutu wazungulira. M'buku msodzi ndi nkhalamba yopanda mano ngati ine. Mufilimu ndi kamnyamata kosalala, ndipo kamafa. Pomwe ndinalekezera kuwerenga anali moyo, akukoka ukonde. Nanga wafa ndani?

M'mawa muno ndagula vitumbuwa kwa akazi a ba Levy, ndipo andikulungira m'tsamba la buku lomwelo. Chinjoka chili mafuta okhaokha.

Ndapita ku Nangongwe, kumene amagulitsira vitumbuwavo, kukafunsa amene anagula dzulo, mwina wina sanataye pepala lake. Tsambalo lili pansi pa wailesi, musayatsire mbaula. Pepani, nsomba sindinagule, koma vitumbuwa ndakusiyirani. Idyani, ndi vakwanu.

Ba Levy ndawaimbira foni. Akuti masamba akumapeto ndiwo anayamba kutha, ndipo aseka.

Gordon