Kukwera Kanjala ndi Apongozi

Lachitatu, 5 Okutobala 1994

Kutentha. Pampopi madzi kulibe chiyambire m'mawa. Mayunifolomu awiri ndasoka, wachitatu ulusi wandithera panjira.

Apongozi andiuza mawu lero. Monga mwa masiku onse, iwo pakhonde, ine nditagwada kuseri kwa chitseko, aliyense akuyankhula ndi khoma. Akuti akufuna kukwera phiri la Kanjala maso asanatseke. Lakumanzere linapita kale. Lakumanja likutsatira, ndipo kuchipatala anati palibenso chochita. Akuti Enoch ali mwana ankamunyamula paphewa mpaka pamwamba, kumulozera msika, mzikiti, msewu wa ku Mwami.

Enoch, mwamuna wanga. Chaka sichinathe ali m'manda.

Ndayankha kuti ndamva. Koma awaperekeza ndani? M'nyumba muno tilimo awiri. Chikwatiwire sindinawayang'anepo kumaso atate a mwamuna wanga. Sindinadyepo nawo. Madzi ndimawaikira pansi, iwo n'kutenga ine nditachoka. Ndiye lero ndiwatsogolere kuphiri, komboni yathu yonse ya Kapata ikuona?

Lachisanu, 7 Okutobala

Ndafunsa amake Betty, a nyumba yoyandikana nayo, kuti kuphiri kumakhala zii liti. Mayi ameneyu amadziwa ngakhale tsiku limene nkhuku ya eni yayamba kuikira.

Akuti Lamulungu masana osayerekeza: makwaya, achinyamata, zibwenzi, wojambula zithunzi. Loweruka ana a sukulu. M'mamawa a mapemphero, ofuula ngati Mulungu ndi gonthi. Lachiwiri dzuwa litakwera ndiye abuluzi okha.

Kenaka kundiyang'ana cham'mbali. "Kodi mwapeza wokwera naye?" Nkhope yanga moto. Ndanama kuti ndikufunsira munthu.

Ndiye Lachiwiri. Kapena tidikire mvula. Mwezi uno utsi wa lupsa wakuta ponseponse, phirilo ngakhale kuchokera pano likuoneka ngati lili m'thumba. Mvula yoyamba ikatsuka kumwamba aona bwino. Ndikudziuza choncho, koma ndikudziwa kuti ndikuthawa.

Lolemba, 10 Okutobala

A Whiteson, mng'ono wawo wa apongozi, anafika dzulo kuchokera ku Madzimoyo. Njinga, nkhuku imodzi, mawu thumba lodzadza.

Anakhala pakhonde. Khoma lathu ndi lopyapyala, ndipo iwo sadziwa kunong'ona. Akuti mvula isanagwe akulu awo apite kumudzi akasungidwe ndi abale. Nyumba ilowe anthu a lendi. Ine andisudzule, ndibwerere kwathu ku Chadiza. "Mkazi wopanda mwana ndi mlendo, achimwene. Maliro akatha amatsazika." Achibale onse akumana pano Lamulungu lomaliza la mwezi uno.

Ndinadikira kuti apongozi ayankhe. Chete. Kenaka anafunsa za mtengo wa feteleza.

Nkhukuyo ndaphika ndine. Mchere ndinathira bwinobwino, ngakhale mtima unkafuna zina.

Lachinayi, 13 Okutobala

Sindinalembe. Ndinalibe mawu.

Si nyumbayi ayi. Malata odontha, chimbudzi chotsamira. Ku Chadiza amayi anapita, atate anapita, kwatsala alamu amene adzandiwerengera nthongo. Komabe si zimenezo. Kumudzi kwa a Whiteson ndani adzadziwa kuti apongozi tiyi amamwa atazirala? Kuti mpando ukasuntha pang'ono amagunda bondo, osadandaula, kungopuma mwamphamvu? Akatsokomola m'mawa amatsokomola ngati Enoch. Ndikachoka pano sindidzamvanso zimenezo kwina kulikonse.

Ndimawakonda nkhalamba imeneyi. Ndalemba. Pakamwa sindingathe.

Koma chete uja akundipwetekabe. Mwina nawonso atopa nane.

Ufa wakweranso.

Loweruka, 15 Okutobala

Apongozi ayamba kuyeserera. Nsapato zakuda za ku tchalitchi, kuzungulira bwalo, dzanja pakhoma. Aphunzitsi Miti, amene anakwapula theka la tauni ino, akuwerenga mapazi ngati mwana wa Giredi Wanu. Ndinaseka ndekha kukhitchini, kenaka misozi.

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Za mvula ndazisiya. Ngati ndikuchoka, ndichoke nditawafikitsa kuphiri kwawo.

Ndapeza nzeru. Nsungwi ya pa chingwe choyanikira zovala. Ine kutsogolo nsonga imodzi, iwo kumbuyo nsonga inayo. Palibe kukhudzana, mwambo uli pamalo pake. Ndawauza kuti Lachiwiri, tikangomwa tiyi.

Lachiwiri, 18 Okutobala

Ndinakonza madzi m'botolo, mbatata yophika, nsungwi ndinaipala. Iwo akuti bondo.

Bondo lake liti? Masana ndawaona akuzungulira bwalo ngati msilikali.

Lachinayi, 20 Okutobala

Lero akuti pa wailesi pali pologalamu ya alimi. Munthu alibe ngakhale mzere umodzi wa chimanga.

Ndapsa mtima. Kodi anafuna phiri ndani, ine? Madiresi a ukwati wa kwa a Matiyasi akundidikira, ine ndikungotaya masiku. Madzulo ndawamva pampanda akufunsa amuna awo a amake Betty kuti kuphiri kumadzadza liti. Mwina akuopa akuba. Nanga akuba atibera chiyani, mbatata?

Loweruka, 22 Okutobala

Anena. Lolemba, tsiku la ufulu, masana zikondwerero zikatha, anthu onse akamakwera.

Ndinakhala pansi. Tsiku limene Chipata yense amakhala panja! Amayi a Chigwirizano, makwaya, a Whiteson amene akubwera ndi anthu a ku Madzimoyo. Ndinayesa kunena kuti kudzakhala fumbi, kudzakhala phokoso, adzawagunda. Anangoti, "Apongozi, ndasankha."

Akudziwa zimene akuchita? Kwatsala sabata kuti andiweruze. A Whiteson adzangoti onani, mkazi wopanda mwambo, woyenda ndi apongozi ake pamsewu ngati anzake. Ndikuwapatsa ndekha chikwapu.

Ndikhoza kudwala Lolemba. Mutu, m'mimba, palibe angatsutse.

Ndawasitira jekete.

Lachiwiri, 25 Okutobala

Miyendo ikuwawa. Ndilembe zonse ndisanaiwale, ngakhale sindidzaiwala.

Anavala jekete ndi tayi, kutentha konse kuja. Ine chitenje cha buluu, duku mpaka m'maso. Tinadutsa Kapata ndi nsungwi yathu, ine maso pansi. Ana kutiseka. Palibe kanthu, ana ndi ana.

Patsinde pa phiri anthu ngati tsiku la msika. Ogulitsa madzi oundana, anyamata ndi wailesi paphewa, amayi a Chigwirizano m'mayunifolomu awo, ena osoka ine ndemwe. Pomwepo ndinamva nsungwi yapepuka. Kucheuka, aitaya. Aima pakati pa njira, dzanja lili m'mwamba.

"Nsungwi siona miyala. Ndigwire dzanja, mwana wanga."

Mokweza, mawu a m'kalasi. Anthu anatembenuka.

Ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma munthu wosaona sungamusiye dzanja lili m'malere. Ndinaligwira. Louma, lopepuka, koma linandigwira zolimba. Si ine ndekha amene ndinali ndi mantha.

Tinakwera pang'onopang'ono. Mwala uwu, atate. Muzu apa, atate. Paliponse munthu wowadziwa, poti ndani sanadutse m'manja mwawo? Makalaliki, madalaivala, wapolisi wina wamimba yake. Aliyense akapereka moni, iwo osandisiya dzanja. "Uyu ndi Tamiwe, mwana wanga. Enoch anandisiyira. Ndi amene akundisunga." Kwa aliyense, mawu omwewo, ngati akuphunzitsa a e i o u. Amayi a Chigwirizano anayamba ndi kugwira pakamwa. Kenaka mayi Fulansisi, amene amatsogolera, anabwera n'kundipukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje chawo.

A Whiteson tinawapeza pakati pa phiri atakhala pamwala ndi anzawo. Anaimirira, chipewa m'manja, pakamwa yasa. Apongozi anawazindikira mawu. Ndipo nawonso anawauza chimodzimodzi, ngati mlendo: uyu ndi Tamiwe, mwana wanga. Pamaso pa anthu onse aja, a Whiteson akanati chiyani? Anati inde, achimwene.

Pamwamba mphepo. Tauni yonse pansi, koma utsi wokhawokha, ngakhale ine wamaso mzikiti ndinauona movutikira. Ndinafunsa ngati akuona kanthu. Anaseka. Akuti akuona phala. Mtima unandiwawa, ndinati tikanadikira mvula. Iwo anati mvula ikanagwa nditapita kale ku Chadiza.

Ndipamene ndinamvetsa za bondo lija: ankadikira tsiku la anthu ambiri, kuti onse amve.

Kenaka anati nditembenukire kudzuwa, ndikweze duku. Anayandikira pafupi, diso lakumanja lija likufufuza. Koyamba chilowere m'banja lawo. Nanenso ndinawayang'ana. Mphuno ya Enoch. Chibwano cha Enoch. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Kani mnyamata uja anali ndi maso."

Ndinalira pamaso pa Chipata yense. Mbatata tinadya limodzi, pamwala umodzi.

Lachisanu, 28 Okutobala

Amake Betty sakundipatsa mpata. Akuti nkhani yafika mpaka ku Mwami, madalaivala aiwolotsa malire. Ena pamsika akuti zachilendo, dziko latha. Ena akuti mwana ndi amene wakusunga. Ine ndikungosoka.

Apongozi agona kwambiri masiku awiriwa. Phiri lawatopetsa. Kapu ndikuwapatsa m'manja tsopano, koma ndimagwadabe. Maondo sanamve nkhaniyi.

Mawa kugula kabichi ndi mafuta. Alendo Lamulungu. Mantha akadalipo.

Lolemba, 31 Okutobala

Anabwera, anadya, apita.

Nkhani sinatalike. A Whiteson anayamba bwino, za mwambo, za manyazi. Azakhali a Enoch anawadula. Akuti munthu amene mwini wake wamutchula mwana pamaso pa tauni yonse, inu muli pomwepo n'kuvomera, mumusudzula bwanji? Mwana sasudzulidwa. A Whiteson anayang'ana nsapato zawo. Pochoka anandipeza kukhitchini, n'kuti mvula ikagwa adzatumiza chimanga chachiwisi. Kwa iwo kumeneko ndiye kupepesa.

Ndikhala.

Usiku kwagwa mvula yoyamba, yochepa, yongoletsa fumbi. M'mawa kutuluka panja, Kanjala uyo, mtengo uliwonse ukuoneka, ngati wasendera pafupi. Ndinathamanga kukawauza. Ndinawapeza atakhala pabedi, atavala kale, nkhope kuzenera. Dzuwa lili pamaso pawo penipeni.

Anandifunsa ngati kwacha.

Ndinati kwacha, atate. Anagwedeza mutu. Kenaka anati ndiye tiyi ali kuti, kodi mwana wa nyumba ino amagona mpaka liti?

Madzi ali pamoto. Ndikuwamva akufufuza khoma, ndipite ndikawagwire dzanja.